Chizimba cha mu Nazale ya ku Tongaat

Umphawi wa m'tauni ya eni ake umawawa mwa mtundu wina. Kumudzi ukasauka, woyandikana nayenso ndi wosauka, mumangosekana zigamba basi. Koma ku Durban umasauka galimoto za anzako zikukuwaza madzi a m'ngalande. Kenson anali atakhuta umphawi woterewu mpaka pakhosi.

Ankakhala m'fulati yakalekale ku Greyville, chipinda chimodzi chogawidwa pakati ndi nsalu yopachika pa waya. Mbali ina ankagona iye, mbali inayo mlongo wake Tayamika ndi amayi awo, a Sellina. Mayi amenewa ndiwo anayamba kubwera kuno kuchokera ku Ntcheu amuna awo atamwalira, ndipo anakolopa nyumba za anthu zaka zoposa makumi awiri mpaka anaitanitsa ana awo onse awiri. Chizulu ankachilankhula ngati anabadwira ku Umlazi, Chingerezi cha m'makhitchini a mabwana ndiye chosachita kunena. Koma tsopano mutu unali utayamba kuwathawa. Ankathira shuga mu nsapato, ankatereka ketulo wopanda madzi, ndipo masiku ena ankafunsa ngati bambo a ana abwerako kudimba, munthu woti anamuika m'manda kalekale.

Chimene chinkamupsetsa mtima kwambiri Kenson chinali ntchito yake. Ankathirira mbewu mu nazale ina ku Tongaat, pakati pa minda ya nzimbe. Mu nazalemo munalibe maluwa kapena mitengo ya zipatso. Munkalimidwa chomera cha kutchire chokhala ngati anyezi wamkulu, cha makoko ambirimbiri. Akatswiri a kafukufuku ankabwera kudzakumba anyezi ameneyu n'kukamufinya, kuti atengemo kanthu kena komwe ankayembekezera kuti mwina kangadzathandize okalamba odwala matenda oiwala. Chomera chilichonse chinali ndi kachikwangwani ka nambala, ndipo lamulo lalikulu la pamalopo linali lakuti manambalawo asasokonezedwe. Ndiye taganizani, munthu kuswera akuthirira mankhwala a matenda oiwala, madzulo n'kukapeza amayi ake aiwala kumene kuli chimbudzi. Ndani sangakwiye?

Tsiku lina analimba mtima n'kumuimitsa dokotala wamkulu wa kafukufukuyo, mayi wa magalasi wolankhula motsitsa. Anamufotokozera za amayi ake m'Chingerezi chothyokathyoka, n'kupempha kabotolo kamodzi kokha. Dokotalayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati zimene akufufuzazo sizinafike pokhala mankhwala, kudakali zaka zambiri, ndiponso mwina sizidzatheka n'komwe. Anamuchenjeza kuti anyeziyo ndi poizoni, asayerekeze kuwamwetsa amayi ake. Anamulembera kalata yoti apite nawo ku kiliniki ya okalamba kuchipatala cha boma.

Kenson anaikwinya kalatayo n'kuiponya m'thumba la ovolosi. Kwa iye zonsezo zinali nthabwala za anthu okhuta. Koma tisamunamizire chikondi chimene analibe. Mtima wake sunkangowawa chifukwa cha amayi ayi. Unkawawanso chifukwa cha Duncan, mnzake amene anakwera naye basi imodzi kuchokera ku Wenela, yemwe tsopano ankayendera galimoto yakeyake atavala nsapato zosongoka. Anthu kutchalitchi ankanong'ona kuti Duncan anakhwima. Kenson ankanong'ona nawo, koma usiku ndi usana ankangofuna kudziwa kumene anakhwimirako. Mapeto ake Duncan yemweyo anamuuza dzina la sing'anga ndi nambala ya chitseko chake.

Loweruka masana Kenson anapita ku Point, n'kukwera masitepe onunkha mowa wosasa m'nyumba ina yayitali pafupi ndi doko. Ankayembekezera kupeza zikopa za nyama ndi nsupa. Anapeza bambo wometa bwino, wovala malaya oyera, akusita thalauza pa thebulo. Amenewa anali a Feston.

"Mwabwera ndi chiyani, mwana wakwathu?" anafunsa a Feston osasiya kusita.

"Ndatopa, bambo."

"Aliyense wokwera masitepe awa amafika atatopa. Lift inafa kalekale. Nenani zenizeni."

"Ndikufuna chuma."

"Yebo. Apa ndiye mwalankhula. Mumagwira kuti?"

Kenson atatchula za nazale, a Feston anaimika simbi n'kumuyang'ana koyamba.

"Chomera chimenecho ndimachidziwa," anatero. "Madokotala anuwo akufuna chizibweza nzeru m'mutu mwa munthu. Ayesetse, Mulungu awathandize. Koma khomo lolowera ndi lomwelo lotulukira. Kunyumba kwanu akuiwala ndani?"

Kenson anadabwa, chifukwa za amayi ake anali asanatchule. "Amayi anga."

"Chabwino kwambiri. Mundibweretsere anyezi mmodzi, wa mumzere umene madokotala amaukonda kwambiri. Mubweretsenso tsitsi la pa chipeso cha amayi anu. Chizimba chake n'chimenecho."

"Ndiye kuti amayi afa?"

A Feston anaseka pang'ono. "Eish, achinyamata inu. Za magazi zinali za asing'anga akale. Ine sindipha munthu. Amayi anu akutaya kale zinthu za m'mutu tsiku lililonse, zikungogwera pansi popanda wotola. Ine ndingoika beseni pansi pake. Kungoti beseni likaikidwa, zimadontha mofulumirako."

Munthu wanzeru akanadzuka pomwepo. Kenson anangofunsa kuti, "Nanga lamulo lake?"

"Limodzi lokha. Kuyambira tsiku limene ndidzakutemeni mphini, Chichewa chisadzatulukenso pakamwa panu. Kumva muzimva, koma kuyankha ayi, ngakhale liwu limodzi. Chilankhulo chimenechi munayamwa kwa iwo. Mukachitulutsa, njira yatembenuka, ndipo zonse zimene zachoka m'mutu mwawo mutu wanu ndiwo udzabweze. Osati pang'onopang'ono ngati iwo. Tsiku limodzi."

Kenson anaphulika kuseka. "Chokhacho, bambo? Ife kuno Chichewa timachivula pakhomo ngati nsapato za matope! Mu taxi sindilankhula, foni ya kumudzi ikalira ndimadula. Amayi Chizulu amachidziwa kuposa ine. Tizicheza m'Chizulu, sharp."

"Sharp," anatero a Feston, n'kupitiriza kusita.

Lolemba lake Kenson anakumba anyezi wa mumzere umene dokotala uja ankauyendera kawirikawiri. M'dzenjemo anakwiriramo wina wa pamulu wa zotaya, n'kuzikapo kachikwangwani komweko. Sanaganizeko kuti akatswiri aja adzayeza chomera cholakwika n'kutaya miyezi yambiri akudabwa ndi zotsatira zosamveka. Sanaganizeko za okalamba ena onse amene ana awo akudikira kafukufukuyo. Anakulunga anyeziyo m'pepala la buledi n'kupita naye ku Point. A Feston anabowola anyeziyo, analowetsamo tsitsi lija, anamutema Kenson mphini pansi pa lilime, n'kumuuza kuti akasunge chizimbacho m'kabati. Anati khoko lililonse likauma n'kugwa, adziwe kuti mwayi uli pakhomo.

Khoko loyamba linagwa sabata isanathe. Bwana wina wa mahotela a kugombe anamupeza Kenson akudikira taxi, anacheza naye za kapinga, ndipo mawa lake anamupatsa ntchito yosamalira minda ya hotela ziwiri. Kenson anasiya ku nazale osatsanzika. Mwezi womwewo a Sellina analandira foni ya mayi wachizungu amene anamugwirira ntchito zaka zambiri, ndipo anangoigwira foniyo kukhutu, maso ali tong'o. Chingerezi chonse chinali chitapita.

Kenson anati ndi ukalamba. Makoko anapitiriza kugwa, ndipo iye anagula pikiapu yoyera, analemba anyamata odula kapinga, anapeza nyumba ya mpanda ku Durban North, amayi ndi Tayamika n'kutsala ku Greyville. Kutchalitchi cha Amalawi anasiya kupita, poti kumeneko nyimbo ndi moni zonse ndi za Chichewa. Anzake akamupatsa moni pamsewu ankayankha kuti "Yebo, sawubona," iwo n'kumati ndalama zamupengetsa. Tayamika poyamba ankaseka, kumati achimwene asanduka Mzulu wa ku Ntcheu.

Kuseka kunatha Chizulu cha amayi chitayamba kuthothoka. Chinayamba ndi mayina a zinthu, kenako moni weniweniyo. Pofika miyezi isanu ndi umodzi, a Sellina anatsala ndi Chichewa chokha, cha kumudzi chenicheni, chimene ankalankhula ali mtsikana. Ndipo si kuti anangoiwala Chizulu ayi, anayamba kuchiopa. Munthu akawalankhula m'Chizulu ankanjenjemera n'kumafunafuna mapepala awo m'chilundu, poganiza kuti abwera kudzawathamangitsa.

Tayamika anali ataipeza kalata ya dokotala ija pochapa ovolosi yakale, ndipo anapita nawo amayi ku kiliniki yekha. Lamlungu lina Kenson atabwera ndi majumbo a zakudya, anamudikirira pakhomo.

"Achimwene, nesi wandiuza kuti matenda amenewa amayamba kufufuta zimene munthu anaphunzira atakula. Zotsala ndi za ubwana. Akuti tiziwalankhula m'chilankhulo chawo, ndi chokhacho chimene chikuwakhazika mtima pansi. Mwamva?"

"Ngiyezwa," anayankha Kenson, kutanthauza kuti wamva.

"Ngiyezwa wa chiyani? Muno muli Mzulu? Tsekani chitsekocho ngati mukuopa anthu, mulankhule ndi amayi anu!"

A Sellina anasuzumira kuseri kwa nsalu. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yayitali, nkhope n'kuwala pang'ono.

"Kodi si Kenisoni uyu? Kenisoni, wadya mwana wanga?"

Mawu anafika pakamwa penipeni. Kenson anawaluma, mphini ija ikutentha pansi pa lilime. "Ngidlile, Mama," anatero, kuti wadya.

Kuwala kuja kunazima. Mayiwo anabwerera m'mbuyo n'kugwira mkono wa Tayamika. "Taya, bambo awa akufuna chiyani? Uwauze mapepala tili nawo."

Tayamika anatenga majumbo aja n'kuwaponya pa masitepe, mazira n'kusweka. "Tengani nyansi zanuzi! Mayi awa anakolopa zimbudzi za anthu kuti inu mukwere basi. Mako ndi mako angachepe mwendo, inu mukuwachitira manyazi chifukwa cha pikiapu? Kaya mwadya chiyani kumene mukupitako, koma chidzakutsamwani."

Kenson anatsika masitepe atakwiya ndi aliyense kupatula iye mwini. Anayendetsa galimoto molunjika ku Point, n'kukadandaula kwa a Feston m'Chizulu kuti sanamuuze zoti zidzafika pamenepa.

"Munafunsa?" anatero a Feston m'Chichewa chokoma, akudula zikhadabo. "Safunsa anadya phula. Koma musalire, njira ilipo. Bweretsani anyeziyo ndimuotche. Musiye galimoto, nyumba, mahotela, zonse, mutuluke ndi ovolosi imene munabwera nayo. Zimene zachoka kwa amayi anu sizibwerera, koma tsiku lomwelo mukhoza kukhala pambali pawo n'kumacheza nawo mpaka Mulungu adzawatenge. Ndiotche?"

Kenson anayang'ana pawindo. Pansi pamsewu pikiapu yake inkanyezimira padzuwa, dzina lake litalembedwa pa chitseko. Anakumbukira kuti bwana wa mahotela analonjeza kumupatsanso bwalo la gofu ikatha Khirisimasi. Anadziuza kuti angodikira miyezi iwiri yokha, asungeko kanthu, kenako adzabwere.

"Ngizocabanga," anatero, kuti akaganiza kaye.

"Kaganizeni bwino," anatero a Feston. "Makoko atsala ochepa."

Sipanathe masabata atatu. Linali Lachinayi, dzuwa lili paliwombo, pamene Tayamika anamuimbira foni akulira. Anali atatsikira kukagula palafini, ndipo pobwera anapeza chitseko chili pululu, amayi kulibe. Choopsa china chinali chakuti tsiku limenelo m'tauni munali gulu la anthu oguba ndi zibonga, akuimba kuti alendo azipita kwawo.

Kenson anazungulira misewu ya Greyville mtima uli m'mwamba. Anawapeza pafupi ndi pokwerera mataxi, kuseri kwa mpanda wa bwalo la mpikisano wa mahatchi. A Sellina anali atavala chitenje ndi silipasi imodzi, atanyamula ketulo, ndipo ankafunsa aliyense mokweza mawu kuti basi ya ku Tsangano ikwerera pati. Amuna asanu a m'gulu lija anali atawazungulira, akuwafunsa mwaukali kumene achokera. Mayi wina wachizulu wogulitsa zipatso anali ataima pakati, akuwakalipira amunawo kuti achite manyazi, gogoyu ndi wodwala. Koma phokoso lonselo kwa a Sellina linali limodzi, ndipo ankabwerera chafutambuyo pang'onopang'ono. Kumbuyo kwawo kunali msewu waukulu, mataxi akuthamanga ngati apenga.

Kenson anadumpha m'galimoto. "Mama! Yima! Yimina uKenson!" anakuwa, kuwauza kuti aime, ndi iyeyo.

A Sellina anaona bambo winanso wamkulu thupi akuthamangira kwa iwo, akukuwa m'chilankhulo chomwecho cha anthu owaopsezawo. Anabwereranso phazi lina.

"Mama, woza!" anakuwanso, kuti abwere.

Phazi linanso. Chidendene chinafika m'mphepete mwa msewu.

Kenson ankadziwa chochita. Ankadziwa ngati mmene munthu amadziwira dzina lake. Mawu atatu okha, akuti amayi imani ndine, akanawaimitsa pomwepo, chifukwa ndi mawu okhawo amene mutu wawo unali kuwalandirabe. Anatsegula pakamwa. Ndiye anaganiza za mutu wake, za nyumba ya mpanda, za bwalo la gofu, ndipo anati mwina akathamanga kwambiri awagwira asanalankhule. Anatseka pakamwa n'kutambasula manja.

Mayiwo ataona manja akubwera anakuwa kuti, "Kenisoni, ndithandize, andigwira!" n'kutembenukira mumsewu.

Woyendetsa taxi anaponda mabuleki, koma panalibe mpata. Kunamveka kugunda kumodzi, ketulo n'kugubuduka mpaka tsidya lina. Amuna a zibonga aja anabalalika osayang'ana m'mbuyo.

Kenson anagwada pa phula n'kunyamula mutu wa amayi ake. Pamenepo ndiye Chichewa chinatuluka, chonse, ngati madzi a mpopi wothyoka.

"Amayi! Amayi, ndine Kenisoni! Ndabwera, amayi, ndine mwana wanu! Ndadya, amayi, munandifunsa ngati ndadya! Tadzukani tizipita kwathu!"

Koma ankalankhula ndi mtembo. A Sellina anafa akuitana mwana wawo kuti awapulumutse kwa munthu amene anali mwana wawo yemweyo.

Tayamika anafika akuthamanga, n'kudzigwetsa pambali pa amayi ake. Atalira kwa kanthawi anadzutsa mutu kuti amutukwane mchimwene wake, koma anamupeza atasintha. Kenson anali atasiya kulira. Ankayang'ana manja ake a magazi modabwa, kenako anayang'ana mayi wogona pansiyo, kenako Tayamika.

"Pepani, mayi," anatero mwaulemu, "agogo awa ndi a ndani?"

Apolisi atafika anamufunsa dzina m'Chizulu, m'Chingerezi, Tayamika n'kumufunsa m'Chichewa. Sanalidziwe. Makiyi a galimoto anali m'dzanja lake, koma sankadziwa kuti ndi a chiyani. Pofika madzulo ngakhale mawu ochepa aja anali atatha.

Amalawi a kutchalitchi, omwe aja ankawayankha kuti sawubona, ndiwo anasonkhana n'kutumiza thupi la a Sellina ku Ntcheu. Pikiapu anyamata ake anaithawitsa, nyumba eni ake anaitenga, ndipo bwana wa mahotela anapeza munthu wina sabata yomweyo. Tayamika anayesa kumusunga mchimwene wake ku Greyville, koma ankatuluka n'kusochera, mpaka anthu anazolowera kumuona akuyendayenda m'mbali mwa doko opanda nsapato, ndevu zili nyankhalala. Madokotala amene anamuyeza anati sanaonepo matenda oiwala akugwira munthu wa zaka makumi atatu ndi zisanu mwa tsiku limodzi. Akadali moyo mpaka lero, ngati umenewo tingautche moyo.

Ine nkhaniyi imandipsetsa mtima, ndipo sindimumvera chisoni Kenson monga ena amachitira. Umphawi ndi woipa, inde, koma si umphawi umene unamutseka pakamwa. Anapatsidwa mpata wobwerera, iye n'kusankha galimoto. Inu amene muli m'maiko a eni, mukuona anzanu akulemera mosadziwika bwino, mtima n'kumakuyabwani, dziwani kuti wogulitsa chuma cha mankhwala safuna chimene mulibe. Amayang'ana chimene inu mukuchiyesa chachabechabe, n'kukupemphani chimenecho, ndipo mumazindikira mtengo wake tsiku limene mwachifuna. Dyera silimudya mwini wake yekha, limayamba ndi amene anamubereka. Kuli bwino kugona kuseri kwa nsalu m'chipinda chimodzi, kholo lako likakuitana n'kuyankha kuti wawa, kusiyana ndi kukhala m'nyumba ya mpanda utagulitsa pakamwa poyankhira.